Eyam, mudzi wa ku England womwe unadzitsekera m'nthawi ya mliri: mafunso ndi mayankho

Ambiri amayamba kumva dzina la Eyam pa nkhani ya mliri wa 1665, ndiye mafunso amabwera motsatizana: mudziwu uli kuti, zinachitikadi kodi, nanga lero kuli chiyani. Pano tasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabwera, kuyambira apafupi mpaka ofuna kukhalira pansi.

Kodi Eyam ndi kuti?

Ndi mudzi wa m'chigawo cha Derbyshire, chapakati pa England, m'dera lamapiri lotchedwa Peak District. Mzinda waukulu woyandikana nawo ndi Sheffield, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto chakum'mawa. Tauni ya Bakewell ili kumwera, makilomita oposa 10 pang'ono, ndipo London ili kutali, makilomita oposa 200. Pa kalembera wa 2011 m'mudzimu munapezeka anthu 969.

Peak District ndi paki ya dziko (national park) yoyamba kukhazikitsidwa ku Britain, mu 1951, koma si paki yotchingira nyama zakutchire. Muli midzi, minda ya eni ake, nkhosa, masukulu ndi misewu ya mabasi. Chomwe lamulo limateteza ndi maonekedwe a dziko ndi njira zapansi zomwe aliyense ali ndi ufulu woyendamo.

Dzinali amalitchula bwanji?

Eni ake amati "Iim", mwa mpweya umodzi. Mudziwu ndi wakale ndithu: unalembedwa m'kaundula wa malo wa mfumu William, wotchedwa Domesday Book, mu 1086, ndipo mmenemo dzina lake analemba kuti Aiune.

Malo ake ndi ooneka bwanji?

Eyam ndi mudzi wautali wotsata msewu umodzi, kuchokera ku Townhead kumadzulo mpaka ku Town End kum'mawa. Nyumba zake ndi zamiyala, zina zotuwa, zina zofiirira, ndipo mitundu iwiriyo ikunena za nthaka yomwe mudziwu wakhalapo. Kumwera kwake kuli mwala woyera wa laimu, wong'ambikang'ambika, womwe umameza madzi a mvula n'kuwapititsa pansi. Kumpoto kwake kuli mtandadza wa phiri wotchedwa Eyam Edge, wa mwala wakuda ndi wokhakhala womwe kale ankasemera mphero. Pamwamba pake pali mtunda wopanda mitengo, wa zitsamba zazifupi ndi mphepo yosaleka, ndipo nsonga yake, Sir William Hill, imapitirira mamita 400.

Pomwe miyala iwiriyi yakumana m'pamene pamatumphuka akasupe, n'chifukwa chake anthu anamanga pamenepo osati kwina. M'mitsempha ya mwala wa laimu munalinso mtovu, chuma chomwe chinadyetsa mudziwu zaka mazanamazana (onani funso la ntchito za m'mudzimu). Kutsika pang'ono mumafika m'chigwa chakuya cha Middleton Dale, momwe mumadutsa msewu wa A623 pakati pa makoma a thanthwe, ndipo kumapeto kwake kuli mudzi woyandikana nawo, Stoney Middleton. Minda yonse yozungulira ndi yogawidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikiza popanda matope kapena simenti.

Mliri unafika bwanji m'mudzi wakutali chonchi?

Mu 1665 mliri unasakaza London, ndipo akuti unapha anthu pafupifupi 100,000. Chakumapeto kwa chilimwe cha chaka chimenecho, telala wa ku Eyam, Alexander Hadfield, analandira mtolo wa nsalu kuchokera ku London. Womuthandiza ntchito, George Viccars, ndiye anamasula mtolowo, napeza nsaluzo zili zachinyezi, n'kuziyanika pafupi ndi moto. Anthu amakhulupirira kuti munali nthata zonyamula matendawa. Pasanathe masiku ambiri Viccars anadwala, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 Sepitembala 1665.

Wachiwiri kumwalira anali Edward Cooper, kamwana ka m'nyumba momwemo. Kenako matenda analowa nyumba zoyandikana: kwa a Hawksworth, kwa a Thorpe, ndi kwa a Sydall tsidya lina la msewu. Nyumba zimenezi zilipobe, zandandalika pafupi ndi tchalitchi, ndipo pakhomo lililonse pali chikwangwani cha mayina a omwe anafera mmenemo. Cha kwa a Thorpe chili ndi mayina asanu ndi anayi, banja lonse, popanda wotsala.

Pofika kumapeto kwa Disembala anthu 42 anali atamwalira. M'miyezi yozizira imfa zinachepa moti ena ankayesa kuti zatha, koma kutayamba kufunda mu 1666 matenda anabweranso mwaukali woposa poyamba.

Anali matenda anji kwenikweni?

Ndi omwe timati mliri wa makoswe. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Yersinia pestis, komwe kamakhala mwa makoswe ndi nyama zina zazing'ono, n'kufika kwa munthu nthata ikamuluma. Wodwala amatentha thupi, mutu umawawa, amasanza, ndipo amatuluka mwanabere wamkulu wopweteka m'khwapa, m'khosi kapena mphechepeche. Kachilomboka kakafika m'mapapo, matendawa amayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake pokhosomola, ndipo amapha msanga.

Anthu a mu 1665 zonsezi sankazidziwa. Kachilomboka kanapezeka mu 1894 ku Hong Kong, ndi dokotala Alexandre Yersin, ndipo zoti nthata ndizo zimakanyamula zinadziwika mu 1898. A ku Eyam ankaganiza za mpweya woipa ndi mkwiyo wa Mulungu. Komabe anaona ndi maso awo kuti matenda akutsata makomo omwe anthu akuyenderana, ndipo zomwe anachita zinachokera pa kuona kumeneko.

Ndani anaganiza zotseka mudzi?

Atsogoleri awiri a mpingo omwe sankamwerana madzi pa chiphunzitso. Woyamba ndi William Mompesson, wansembe wa Angilikani, mnyamata wosafika zaka 30, yemwe anabwera ku Eyam mu 1664. Anali mlendo, ndipo anthu ambiri sanamulandire ndi manja awiri. Wachiwiri ndi Thomas Stanley, m'busa wakale wa pamalopo, mmodzi wa azibusa pafupifupi 2,000 omwe anachotsedwa ntchito mu 1662 atakana kutsatira buku la mapemphero lomwe boma linalamula. Stanley anali atalandidwa guwa, koma mitima ya anthu inali idakali kwa iye.

Mompesson yekha sakanatha kuuza mudzi wa anthu a m'migodi kuti wina asachoke. Anafunika Stanley, ndipo Stanley anavomera kuima pambali pa munthu wokhala pampando womwe unali wake. Mu Juni 1666 awiriwa anaika maganizo awo pamaso pa anthu, ndipo mudzi unalowa m'bindikiro. Dzina lomwe limatchuka ndi la Mompesson, koma m'busa William Bagshawe, polemba mu 1702, anapereka ulemuwo kwa Stanley, ndipo ine ndimaona kuti wofotokoza nkhaniyi akasiya Stanley wasiya theka lake.

Anagwirizana zotani?

Zinthu zitatu. Choyamba, tchalitchi chitsekedwe, mapemphero azichitikira panja, m'kachigwa kotchedwa Cucklett Delf, pomwe mabanja ankaima motalikirana, wansembe ali pathanthwe lobooka ngati khomo. Chachiwiri, munthu asatuluke m'malire a mudzi ndipo wakunja asalowe. Chachitatu, chomwe chinali cholemera kuposa zonse, pasakhalenso maliro. Banja lililonse liziika lokha akufa ake, mwamsanga, m'munda kapena kuseri kwa nyumba.

Taganizani: palibe belu, palibe okhuza, palibe wogona pasiwa, palibe adzukulu. Kwa anthu a nthawi imeneyo kuikidwa kunja kwa manda odalitsidwa kunali kochititsa mantha, chifukwa ankada nkhawa ndi za tsiku la kuuka kwa akufa. N'chifukwa chake manda a mliri ku Eyam amwazikana m'minda ndi m'makwalala. Pakanjira ka Lydgate, mwachitsanzo, pali manda awiri okha otchingidwa ndi kampanda, a George Darby ndi mwana wake wamkazi Mary.

Pomwe banja lonse linatha, kapena otsala analibe mphamvu, ntchito yoika mitembo inagwera Marshall Howe, wa m'migodi yemwe anadwala matendawa n'kuchira. Ankadzilipira yekha potenga katundu wa m'nyumba za omwalirawo. Mkazi wake ndi mwana wake anafa mu Ogasiti 1666, iye n'kutsala.

Nanga chakudya ankachipeza bwanji?

Eyam sunali mudzi wodzidalira pa chakudya, popeza amuna ambiri ankakumba mtovu n'kumagula zakudya kumsika. Mompesson analembera Earl wa Devonshire, bwana wolemekezeka wa m'deralo komanso mwini nyumba yaikulu ya Chatsworth yomwe ili makilomita ochepa kuchokera pamudzipo, ndipo iye anavomera kutumiza chakudya ndi mankhwala. Midzi yoyandikana nayonso inkabweretsa katundu n'kumusiya pamalo ogwirizana, eni ake n'kubwerera anthu a ku Eyam asanafike.

Malo awiri otere akuonekabe. Amodzi ndi mwala wa m'malire, Boundary Stone, womwe uli panjira yapansi yopita ku Stoney Middleton. Ndi chimwala chachifupi chili pakati pa msipu, ndipo pamwamba pake pali mabowo asanu ndi limodzi. M'mabowomo ankathiramo viniga n'kuponyamo ndalama zachitsulo, poganiza kuti vinigayo atsuka matenda. Alendo mpaka lero amasiyamo timakobiri. Ena ndi chitsime cha kumpoto, m'mwamba mwa mudzi, chomwe tsopano chimatchedwa Mompesson's Well, pomwe ndalama ankaziika m'madzi oyenda.

Thandizo la Earl tisalione ngati chifundo chokha. Mudzi wanjala sukanakhala m'malire ake, ndipo Chatsworth inali pafupi.

Anafa anthu angati?

Nambala yomwe imatchulidwa kawirikawiri ndi 260, ochokera m'mabanja 76, m'miyezi 14. Ena amati 273, powerenga onse omwe analembedwa m'kaundula wa tchalitchi m'nthawiyo. Mwezi woipitsitsa unali Ogasiti 1666, pomwe anafa oposa 70, ndipo masiku ena ankaika anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Womaliza, Abraham Morten, anamwalira pa 1 Novembala 1666.

Pomwe pali kusiyana ndi pa chiwerengero cha anthu omwe ankakhalamo. Mabuku akale ankati 350, kusonyeza kuti anatsala osakwana 100. Ofufuza a masiku ano, atawerenga kaundula wa tchalitchi ndi wa msonkho, amati anali pakati pa 700 ndi 800. Ndiye kuti anafa ndi munthu mmodzi mwa atatu alionse kapena kupitirira pang'ono, zomwe zikuposabe mmene zinalili ku London.

Mmodzi mwa omwalira anali Catherine, mkazi wa Mompesson, wa zaka 27. Ana awo awiri anali atawatumiza kwa achibale ku Yorkshire mudzi usanatsekedwe, koma iye anakana kusiya mwamuna wake ndipo ankayenda naye kwa odwala. Anamwalira kumapeto kwa Ogasiti 1666. M'kalata yomwe Mompesson analembera amalume ake mu Novembala chaka chomwecho, anati mudzi wake wasanduka Gologota.

Kodi Riley Graves n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani aliyense amati ndisalephere kufikako?

Ndi manda a banja la a Hancock, ali paphiri kum'mawa kwa mudzi, ulendo wa mphindi pafupifupi 20 wapansi kuchokera pabwalo la pakati. Mumatsata kanjira kokwera pakati pa mitengo, kenako mumatulukira pamsipu wotsetsereka. Pakati pa msipuwo pali kampanda kamiyala kozungulira, ndipo mkati mwake muli miyala isanu ndi umodzi yoimirira ndi manda amodzi aakulu. Palibe nyumba pafupi. Ya a Hancock inagwa kalekale.

Kuyambira pa 3 mpaka pa 10 Ogasiti 1666, masiku asanu ndi atatu okha, Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake John ndi ana awo asanu ndi mmodzi. Malinga ndi pangano lija, anakumba yekha, n'kukoka yekha mitembo kuchokera m'nyumba. Anthu a ku Stoney Middleton akuti ankamuona ali patsidya, koma panalibe wotha kuwoloka kuti amugwire dzanja. Banja loyandikana nalo, la a Talbot, linali litayamba kale kutha mu Julayi. Mliri utatha Elizabeth anasamukira ku Sheffield, kwa mwana wake wamwamuna yemwe anali kunja kwa mudzi.

Mukafika pamenepo, werengani masiku olembedwa pamiyalayo mmodzimmodzi: awiri tsiku limodzi, atatu tsiku lina. Ku tchalitchi mumamva za atsogoleri ndi nzeru zawo, koma mtengo wa panganolo unagwera anthu ngati mayi ameneyu, ndipo n'chifukwa chake malowa ndi ofunika kuposa ena onse m'mudzimu. Pano akusamalidwa ndi bungwe la National Trust, lomwe limasamalira malo akale.

Kodi anthuwa anavomera mwa kufuna kwawo, kapena analibe kothawira?

Zonse ziwiri. Omwe anali ndi ndalama, akavalo ndi nyumba kwina anachoka mudzi usanatsekedwe, ndipo taona kale kuti ana a wansembe amene anatuluka. Wosauka akanapita kuti? Ntchito yake inali mumgodi wa pomwepo, ndipo midzi yozungulira sinkalandira munthu wochokera ku Eyam. Komanso kutsekera odwala m'nyumba silinali ganizo lachilendo ku England, popeza lamulo la 1604 linkapatsa akuluakulu mphamvu yochita zimenezo. Ena ochepa anathawira m'mapiri oyandikana n'kumanga misasa.

Izi sizichotsa ulemu wa omwe anatsala. Mudziwu uli ndi njira zapansi zotulukira mbali zonse, panalibe asilikali olondera, ndipo munthu akanatha kuzemba usiku. Ambiri sanatero kwa miyezi yoposa inayi, akuona anansi awo akutha. Kulimba mtima kwa munthu yemwe njira zake n'zochepa n'kulimba mtima ndithu. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kufotokoza nkhaniyi ngati kuti onse anali pamlingo umodzi, pomwe kachilombo kanapeza osauka ali pakhomo, olemera atapita.

Kodi kudzitsekerako kunathandiza?

Kwa anansi awo, zikuoneka kuti kunathandiza. Mliri wa ku Eyam sunafalikire ku Sheffield, ku Bakewell kapena m'midzi yozungulira. Kwa eni mudzi nkhani ndi ina. Akatswiri ena akhala akunena kuti kusunga anthu pamalo amodzi ndi makoswe ndi nthata kunachulukitsa imfa mkatimo.

Mu 2016 ofufuza awiri a ku Imperial College London, Lilith Whittles ndi Xavier Didelot, anasanthula kaundula wa mudziwu khomo ndi khomo. Anapeza kuti pafupifupi atatu mwa odwala anayi alionse anatenga matendawa kwa munthu mnzawo, osati kwa makoswe, komanso kuti ana ndi mabanja osauka ndiwo anagwidwa kwambiri. Ngati zili choncho, kuletsa anthu kutuluka, kutseka tchalitchi ndi kuimitsa maliro zinali nzeru zolondola, ngakhale ozichitawo sankadziwa chifukwa chake chenicheni.

Kodi nkhani zonse zomwe amanena za Eyam ndi zoona?

Mayina, masiku a imfa ndi maubale ndi zolembedwa m'kaundula wa tchalitchi, ndipo makalata a Mompesson alipo. Zimenezo ndi zolimba. Nkhani zambiri zokometsera, komabe, zinalembedwa patapita nthawi yaitali, makamaka ndi William Wood, mbadwa ya pamudzipo, m'buku lake la mbiri ya Eyam la 1842. Iye anatola zomwe akuluakulu ankasimba patadutsa zaka zoposa 170.

Mwa izo muli ya mtsikana Emmott Sydall ndi bwenzi lake Rowland Torre wa ku Stoney Middleton, omwe akuti ankaonana ali kutalikutali m'chigwa mpaka tsiku lomwe mtsikanayo sanabwerenso. Emmott anali munthu weniweni ndipo anamwalira mu Epulo 1666, koma za kukumanako ndi zapakamwa. Ilinso ya Margaret Blackwell, yemwe akuti anachira atamwa mafuta a nkhumba poyesa kuti ndi mkaka. Ngakhale ya nsalu zachinyezi ija inadzera m'kamwa mwa anthu isanalembedwe. Wolemba mbiri Patrick Wallis anaonetsa mu 2006 mmene mibadwo yotsatira inaumbira nkhani ya Eyam kuti igwirizane ndi zomwe inkafuna kumva. Mukamayenda m'mudzimu, siyanitsani zolembedwa pamwala ndi zonenedwa ndi wokuperekezani.

Ndinamva kuti zidzukulu za opulumuka zili ndi magazi osagwidwa matenda. N'zoona?

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, wasayansi wa ku America, Stephen O'Brien, anayeza anthu ena a ku Eyam omwe makolo awo anapulumuka mliri. Ankafufuza kusintha kwina kwa chibadwa kotchedwa CCR5-delta 32, komwe kamateteza munthu ku mitundu yambiri ya HIV akakatengera kwa makolo onse awiri. Anakapeza mwa ena, ndipo nkhaniyo inatchuka pa wailesi yakanema. Koma kusinthaku kumapezekanso mwa anthu ambiri a kumpoto kwa Ulaya, ndipo kafukufuku wotsatira sanatsimikize kuti kumateteza ku mliri wa makoswe.

Matendawa alipobe?

Alipo, koma masiku ano amachizika ndi mankhwala opha tizilombo munthu akafika kuchipatala msanga. Ku England mliri waukulu womaliza unali womwewu wa 1665 ndi 1666. Ku Madagascar amabuka pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mu 2017 anagwira anthu oposa 2,000. Ku Malawi anabukapo m'boma la Nsanje mu 2002.

Ku tchalitchi kuli zotani?

Tchalitchi cha St Lawrence chili pakatikati pa mudzi. Musanalowe, imani pa mtanda wamwala uli pabwalo. Ndi wa zaka za m'ma 700 kapena 800, wakale kuposa tchalitchi chenichenicho, ndipo ndi umodzi mwa mitanda ya nthawi ya Angelezi akale (Anglo-Saxon) yosungika bwino kwambiri ku England. Pathunthu pake anasemapo mpesa wopotanapotana ndi zoluka ngati nkhata, ndipo pamutu pake pali angelo. Mukayang'anitsitsa muona kuti mutuwo wakhala mosalingana ndi thunthu, chifukwa chidutswa cha pamwamba pa thunthulo chinasowa.

Pafupi pomwepo pali manda a Catherine Mompesson, omwe mwamuna wake anamangitsa. Pakhoma lakumwera pali wotchi ya dzuwa ya mu 1775, yomwe kuwonjezera pa nthawi ya pamalopo ili ndi mayina a mizinda yakutali. Okonda kiriketi amafunafuna manda a Harry Bagshaw, wosewera wa timu ya Derbyshire, pomwe anasemapo chala cha woimbira masewero chitaloza kumwamba.

Mkati muli buku la mayina a onse omwe anafa ndi mliri, mpando wamtengo wa Mompesson, zithunzi zakale zapakhoma zoimira mafuko a Israeli, ndi zenera la magalasi amitundumitundu la mu 1985 lofotokoza nkhani yonse, kuyambira pa telala ndi nsalu zake. Mompesson sanaikidwe kuno. Anachoka patapita zaka zochepa kupita ku Eakring, ku Nottinghamshire, komwe anamwalira mu 1709. Stanley ndiye anatsala ku Eyam mpaka imfa yake mu 1670.

Kupatula za mliri, anthu a ku Eyam ankagwira ntchito yanji?

Funsoli ndi labwino, chifukwa miyezi 14 ija yaphimba zaka zoposa 1,000 za moyo wa mudziwu. Eyam unali mudzi wa mtovu. M'dera lino mtovu unkakumbidwa kuyambira nthawi ya Aroma, ndipo Derbyshire inali ndi malamulo akeake a migodi. Munthu wamba ankaloledwa kufufuza mtovu pamalo a aliyense, kupatula kumanda a tchalitchi, m'minda ya zipatso ndi pamsewu. Akapeza mtsempha ankaulembetsa kwa mkulu woyang'anira migodi, ndipo milandu yake inkaweruzidwa m'bwalo lapadera lotchedwa Barmote Court. Ambiri ankaphatikiza mgodi ndi kaulimi kakang'ono, ng'ombe imodzi kapena nkhosa zingapo.

M'zaka za m'ma 1700 anapeza mitsempha yolemera pansi pa Eyam Edge, ndipo mudzi unakula. Mdani wamkulu anali madzi odzaza m'migodi, moti anaboola ngalande zazitali pansi pa phiri zowatulutsira kuchigwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mtovu wotchipa wochokera kunja, makamaka ku Spain, unagwetsa ntchitoyi. Migodi ina inatsitsimukanso chifukwa cha mwala wa fluorspar, womwe akale ankautaya ngati zinyalala koma mafakitale a zitsulo a ku Sheffield ankaufuna. Mgodi wa Ladywash unatsekedwa mu 1979, ndipo chumuni chake chikuonekabe pamwamba pa mudzi.

Kunalinso oluka silika ndi thonje, kenako mafakitale a nsapato. Mu 1918 ogwira ntchito m'mafakitale a nsapato a ku Eyam ndi Stoney Middleton, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, maola ochepa ndi ufulu wolowa m'bungwe la apantchito. Kunyanyalako kunafika mpaka 1920. Lero ambiri amagwira ntchito ku Sheffield ndi ku Chesterfield, ena amadalira alendo ndi ulimi wa ziweto.

Pali zinanso zoti ndione?

Eyam Hall, nyumba yaikulu yamiyala ya banja la a Wright, inamangidwa cha mu 1671, patangopita zaka zochepa mliri utatha, ndipo idakali m'manja mwa banja lomwelo. M'nyumba zake zakale za pafamu muli timashopu ta zaluso ndi malo odyera. Moyang'anana nayo, pakabwalo ka udzu, pali matabwa omwe ankapanirapo miyendo ya olakwa kuti anthu awaone.

M'mbali mwa msewu mudzaona miyala yogoba yodzaza madzi. Ndi mbali ya njira yobweretsera madzi a m'akasupe m'mudzi yomwe inakonzedwa mu 1588, imodzi mwa zakale kwambiri m'dzikomo. Eyam Museum, nyumba yosungiramo zakale, inatsegulidwa mu 1994, ndipo mudzaizindikira ndi khoswe wachitsulo ali padenga. Mmenemo ndi momwe mungaone bwino mmene matenda anayendera khomo ndi khomo, komanso zida za m'migodi. Bala ya Miners Arms ndi ya mu 1630. Wolemba ndakatulo Anna Seward anabadwira kuno mu 1742, bambo ake ali wansembe wa pamalopo. Oyenda mtunda angakwere mpaka ku Eyam Moor, komwe kuli bwalo lamiyala la anthu akale kwambiri lotchedwa Wet Withens.

Kodi pali mwambo wokumbukira mliriwu?

Ulipo, Lamulungu lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse. Anthu amayenda pamdipiti kuchokera ku tchalitchi kupita ku Cucklett Delf, n'kukapemphera panja pomwe makolo awo ankapempherera. Chikumbutsochi chinayamba mu 1866, patatha zaka 200. Tsikulo pamanda a Catherine Mompesson amaikapo maluwa ofiira.

Sabata yomweyo kumakhala mwambo wa ku Derbyshire wokongoletsa zitsime. Amapaka dongo lonyowa pathabwa lalikulu, n'kumatapo timasamba ta maluwa, njere, ndere ndi makungwa mpaka patatuluka chithunzi, kenako amachiimika pachitsime n'kuchidalitsa. Chimakhala sabata imodzi chisanayambe kuuma ndi kung'aluka. Sabatayo imatha ndi chikondwerero cha mudzi wonse.

Ndingafikeko bwanji, ndipo ndikonzekere zotani?

Ku Eyam kulibe siteshoni ya sitima. Zapafupi ndi Grindleford ndi Hathersage, panjanji ya pakati pa Sheffield ndi Manchester. Mabasi oyenda pakati pa Sheffield ndi Buxton amadutsa m'mudzimu, koma si pafupipafupi, makamaka Lamulungu, choncho onani ndandanda yake musananyamuke. Apagalimoto asiye galimoto pamalo oimikapo a pa Hawkhill Road, moyang'anana ndi Eyam Museum, chifukwa msewu wa m'mudzi ndi wopapatiza. Pamsewu womwewo, chokwera, pali malo ogona otsika mtengo.

Tsiku limodzi ndi lokwanira kuona tchalitchi ndi nyumba yosungiramo zakale, n'kuyenda wapansi kupita ku Riley Graves ndi ku mwala wa m'malire. Chitsime cha Mompesson chili pamtunda wokwera kwambiri, ndiye chisiyireni nthawi yakeyake. Valani nsapato zolimba ndipo tengani jekete la mvula ngakhale kutacha bwino, poti njira za m'misipu zimachita matope. Nyumba yosungiramo zakale imasintha nthawi zotsegulira m'miyezi yozizira. Mukadutsa pachipata cha m'munda chitsekeni, ndipo galu akhale pachingwe pomwe pali nkhosa. Nyumba za mliri zija mukukhala anthu mpaka lero, choncho zikwangwani muwerengere pamsewu, osalowa m'mpanda kapena kusuzumira pazenera.